Maola 18 ndisanakwere kwathu ku Kasungu

Lolemba, Nkhotakota

Ndatuluka m'madzi cha m'ma 11 koloko m'mawa uno ku Nkhata Bay, ndipo sindilowanso mpaka nditabwerako kumudzi. Sabata yathayi ndakhala ndikutsika pansi pa nyanja ndi alendo kawiri kapena katatu pa tsiku, kuwaonetsa mbuna m'miyala ndi kampango wolondera ana ake kuphanga. Mwera unativuta Lachisanu, koma lero nyanja inagona.

Amayi anaimba dzulo kufunsa chifukwa chimene sindingokwerera ya ku Mzuzu n'kufika lero lomwe. Ndawauza kuti ndigona panjira. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, pamene Mzuzu ali pamwamba pa mamita 1,200, ndipo ukatenga msewu wa M1 wodzera ku Chikangawa umakweranso kuposa apo. Munthu amene wakhala masiku angapo akupuma pansi pa madzi amakhala ndi naitirojeni wotsalira m'magazi ndi m'minofu. Akakwera phiri msanga, mpweya womupanikiza kunja umachepa, ndipo naitirojeni uja amatha kusanduka timathovu asanatuluke bwinobwino kudzera m'mapapo. Malangizo a DAN, bungwe loona za chitetezo cha odaiva, kwa okwera ndege amati munthu adikire maola osachepera 12 akadaiva kamodzi, ndi osachepera 18 akadaiva kangapo kapena masiku otsatizana. Ine maola amenewa ndimawasunganso pa minibasi yokwera mtunda.

Sindinawaphunzire m'buku mokha ayi. Zaka zitatu zapitazo ndinatuluka m'madzi masana n'kukwera galimoto ya ku Mzuzu madzulo omwewo kukagula zida za injini ya boti. Usiku phewa lakumanja linayamba kuwawa mkati mwenimweni mwa fupa, ululu wosasintha ngakhale utembenuke chotani, ndipo pachifuwa panatuluka zidzolo zofiira zonyerenyetsa. Anandiika pa okosijeni kwa maola angapo ndipo ndinachira. Mpaka lero ndikaona msewu wa ku Mzuzu ndimakumbukira phewa lija.

Ndiye ndatsata gombe: Chintheche, Kande, mizimbe ya ku Dwangwa, mpaka pano. Njira yonseyi ndi ya m'munsi, pafupi ndi madzi.

Masiku atatu omalizawa ndinapuma nitrox wa 32, mpweya wa m'thanki umene okosijeni wake wawonjezeredwa kufika magawo 32 pa 100, m'malo mwa mpweya wamba, pokonzekera ulendo uno. Kompyuta ya pamkono, yowerengera kuzama ndi nthawi imene ndingakhale pansi, ndinaiuza zoona kuti m'thanki muli 32, koma ndinkatuluka pa nthawi imene ndikadatuluka ndili pa mpweya wamba. Motero ndanyamuka ndi naitirojeni wochepa m'thupi. Koma maola 18 aja sindidulako ngakhale limodzi.

Lachiwiri, Kasungu

Tanyamuka ku Nkhotakota dzuwa litakwera kale. Pa depoti ndinamwa madzi onse m'kabotolo kapulasitiki, n'kukatseka kolimba, kuti ndikaonetse mwana wa achemwali anga. Msewu wa M18 umalowa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kuyamba kukwera mokhotakhota, ndipo makutu anga anathetheka kawiri tisanatuluke m'mitengo ya miombo. Mayi wina amene anakhala pambali panga ananyamula thumba la mpunga ndi dengu la usipa, ulendo wa kwa mwana wake ku Mtunthama.

Kasungu mu Julayi amazizira mosiyana ndi kunyanja. Fumbi, mphepo, ndi phiri lija litaima lokha pambali pa tauni monga ndinalisiyira. Wakabaza wanditenga pa depoti mpaka kunyumba, chikwama pamsana, chambo chowamba m'katoni.

Amayi anandigwira manja onse awiri n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Wachepa iwe. Kodi m'madzimo mumadya?" Nsima ya nkhwani wotendera inali kale pamoto.

Mphwanga, mwana wa achemwali, wangomaliza kulemba MSCE. Kuyambira chaka chatha wakhala akundilembera pa WhatsApp kuti akufuna kubwera kunyanja adzaphunzire ntchito yanga. Ndamupatsa kabotolo kaja. Kanali kolimba ngati wina wakapopa, ndipo atakatsegula kanati fyuu pang'ono chabe. Ndamuuza kuti mpweya umenewo unatsekeredwa kunyanja, ndipo wafufuma chifukwa kuno kumtunda chopanikiza kunja n'chochepa. Anakatembenuza kangapo osayankhula kanthu.

Lachitatu, kumunda kwa atsibweni

Lero tinapita kukaona atsibweni cha ku Chamama. Tinawapeza m'chigafa akusankha fodya wotsala woti apite naye kumsika wa Chinkhoma. Atatipatsa mipando ndi thobwa, anafunsa za ntchito, ndipo mphwanga ndiye anafulumira kuwauza kuti amalume masiku ano amapuma mpweya wapadera wotchedwa nitrox.

"Wapadera bwanji? Mpweya uli ndi mitundu ngati fodya?"

Ndinawafotokozera kuti mpweya umene tikupuma pompano, pa magawo 100 alionse, pafupifupi 21 ndi okosijeni ndipo 78 ndi naitirojeni. M'thanki ya daivi ya masiku onse mumalowa mpweya womwewu, kompuresa imangousefa, kuuumitsa n'kuukanikiza mpaka 200 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu yopanikiza; mpweya wa pamtunda umatipanikiza ndi pafupifupi bar imodzi). Nitrox ndi mpweya umene okosijeni wake wawonjezeredwa, kawirikawiri kufika pa 32 kapena 36, ndiye naitirojeni amachepa.

Atsibweni anaika tsamba pansi. "Naitirojeni, womwe uja wa mu feteleza? Wa pa thumba la Urea uja alemba 46?"

Ndinati yemweyo, kungoti wa mumpweyayu mbewu zambiri sizingamudye mwachindunji. Soya ndi mtedza ndi zimene zimamukoka mothandizidwa ndi tizilombo ta m'timatuza ta kumizu. Anaseka kwambiri, nati zaka zonsezi akhala akuvutika ndi mtengo wa thumba pamene chinthucho chikungouluka pamwamba pa munda. Kenako anafunsa funso limene alendo ambiri ophunzira safunsa: ngati takhala tikumupuma chibadwire osadwala, walakwanji pansi pa madzi?

Apa ndinatenga botolo la thobwa la dzana limene azakhali anaika pakona, lotupa kale. Thupi silimugwiritsa ntchito naitirojeni, amangolowa n'kutuluka. Koma mamita 10 alionse amene watsika, madzi amawonjezera kukupanikiza ndi pafupifupi bar imodzi. Pa mamita 30 umakoka mpweya wothithikana pafupifupi kanayi kuposa wa pamtunda, ndipo naitirojeni amasungunuka m'magazi ndi m'minofu monga mpweya wa m'thobwa lotsekeredwali. Ndinamasula chitsekero pang'onopang'ono, thobwa likulira chapansipansi, mpaka linakhala chete osatayika ngakhale dontho. Umu ndi mmene timakwerera, ndinatero: osapitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi, n'kuima mphindi zitatu pa mamita 5. Ukatsegula mwaphuma, aliyense pano akudziwa chimene chimachitikira malaya.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero atsibweni.

Kusiyana kwa mipweya iwiriyi kumaonekera pa wotchi. Pa matebulo a PADI, bungwe lophunzitsa kudaiva, munthu wa mpweya wamba pa mamita 18 ali ndi mphindi 56 zoti akhale pansi n'kukwera osafunika kuima nthawi yaitali m'njira. Wa nitrox 32 ali ndi mphindi 95. Pa mamita 30, woyamba ali ndi 20, wachiwiri 30. Thupi la munthu wa 32 pa mamita 30 limamwa naitirojeni ngati kuti ali pa mamita 24 ndi mpweya wamba. Manambala amenewa ndi a pa mulingo wa nyanja zamchere. Kwathu amatsikako pang'ono, chifukwa malo alionse opitirira mamita 300 amawerengedwa ngati daivi ya kumtunda, ndipo kompyuta iyenera kudziwa zimenezo.

Mphwanga analemba zonsezi kuseri kwa kope lake la masamu. Ndinamuuzanso kuti asatengeke ndi 95 uja. Thanki ndi yomweyo, mapapo ndi omwewo. Wophunzira kumene amamaliza mpweya wake pa mamita 18 mphindi 56 zisanakwane n'komwe, ndiye kumulipiritsa ndalama zowonjezera za nitrox pa daivi imodzi ya m'miyala yosazama ndi kumudyera chabe. Ine sinditero, ngakhale mlendo atapempha ndimayamba ndamufotokozera. Amene nitrox imamuthandizadi ndi munthu wolowa katatu pa tsiku kwa sabata yathunthu, pakati pa mamita 15 ndi 30, ngati ife otsogolera alendo.

Tabwerako madzulo titanyamula mtedza ndi nkhuku yamoyo.

Lachinayi, m'tauni

M'mawa ndinaperekeza mlamu wanga kwa wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, kukakonzetsa ngolo. Nkhani yoti kwabwera munthu wolowa pansi pa nyanja inali itafika kale. Mwini shedi, bambo wachikulire wa magalasi akuda pachipumi, anandiitanira pambali. Mnzake wina ali ndi dimba pafupi ndi damu laling'ono kunja kwa tauni, ndipo pampu yake inagwera m'madzi mwezi watha. Anyamata ayesa kuivuula ndi mbedza, zakanika. Anandilozera silinda yake yaitali ya okosijeni itaima pakona pafupi ndi ya asetilini.

"Achimwene, okosijeni ndi uyu, weniweni, wosasakaniza. Tikapeza paipi yaitali ndi chovala kumaso, mnyamata sangatsike n'kukaimanga chingwe? Akuti ndi mamita 8 kapena 9 basi."

Mtima unandigunda. Anali kunena ndi mtima wabwino, ndipo maganizo akewo ndi a anthu ambiri chichokereni nthawi ya Covid, pamene tonse tinaona abale akupulumuka ndi silinda pambali pa bedi. Okosijeni anasanduka dzina lina la moyo. Koma pansi pa madzi okosijeni akachuluka ndi poizoni, ndipo izi zinadziwika kalekale, Paul Bert wa ku France anazilemba mu 1878. Ife timawerenga motere: gawo la okosijeni m'thanki kuchulukitsa ndi mphamvu yopanikiza pamalo pamene uli. Yankho lisapitirire 1.4, ndipo 1.6 ndi malire omaliza enieni. Okosijeni wosasakaniza amafika pa 1.6 pa mamita 6 okha. Pa mamita 9 mnyamatayo akhoza kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, nthawi zina popanda chizindikiro chilichonse, paipi n'kuchoka kukamwa, n'kumwa madzi ali chikomokere. Pamtunda munthu wogwa motero amadzuka. M'madzi sadzuka.

Ndinawauza zonsezi mosapita m'mbali, pamaso pa anyamata awo, kuti aliyense amve. Ndinawonjezera kuti damu lamatope ndi loopsa kuposa nyanja: suona ngakhale dzanja lako, pansi pali nthambi ndi maukonde akale. Bamboyo anakhala chete, kenako anati, "Safunsa anadya phula. Mwachita bwino kunena." Ndiye anandiphunzitsa iye: kuti pa valavu ya okosijeni safuna kuona girisi kapena oyilo ngakhale wa pachala, chifukwa zimayaka zokha. Ndinamuuza kuti lamulo lomwelo lili kwathu. Kumene amapanga nitrox pothira okosijeni wosasakaniza m'thanki kenako n'kudzazitsa ndi mpweya, thankiyo ndi valavu yake ziyenera kutsukidwa mwapadera. Ena amagwiritsa ntchito makina osefa amene amachotsako naitirojeni mpweya usanalowe mu kompuresa. Tinagwirizana kuti pampuyo adikire madzi aphwe mu Okotobala, ayesenso ndi nangula ali pa bwato.

Masana ndinadya ndi msuweni wanga amene ndi namwino. Nditamusimbira, anati ngakhale kuchipatala okosijeni ndi mankhwala, ali ndi mulingo wake, sangothira. Anandikumbutsa za okumba zitsime amene amakomoka pansi chifukwa cha mpweya woipa, makamaka akatsitsira injini ya petulo m'dzenje, ndipo wotsika kukapulumutsa mnzake nayenso amatsalira komweko. Utsi umenewo ndi umene ifenso timauopa pa kompuresa. Paipi yokokera mpweya timaiika kutali ndi ekizozi, mbali imene kukuchokera mphepo, pakuti utsi wochepa wolowa m'thanki umakula mphamvu munthu akamatsika. Nitrox kapena mpweya wamba, zonse zimadalira munthu amene waima pa kompuresayo.

Lachisanu, pa phiri la Kasungu

Takwera phiri ndi mphwanga m'mamawa. Papita masiku anayi chitulukireni m'madzi, ndiye ndinalibe nkhawa. Pamwamba timaona tauni yonse, minda yokololedwa, ndi utsi wa moto wa mbewa uku ndi uko.

Titapuma, anatulutsa kope lija. "Amalume, ndiye nitrox ndi ya akatswiri opita pansi kwambiri eti?"

Limeneli ndi bodza limene ndimalimbana nalo mwezi uliwonse. Ndinamupatsa cholembera kuti apeze yekha. 32 pa 100, pa mamita 30, bar 4: anapeza 1.28. Pa mamita 40, bar 5: 1.6. Anadzutsa mutu. Nitrox 32 imathera pa mamita 34, ya 36 pa mamita 29. Mpweya wamba sufika pa 1.4 mpaka utadutsa mamita 56, kutali kupyola malire a mamita 40 a odaiva mosangalala. Ndiye ukawonjezera okosijeni, pansi pamene ungafike pamayandikira kumwamba. Ndipo nitrox siteteza ku kuledzera kuja kumene kumagwira munthu cha m'ma mamita 30, mutu n'kumaganiza mochedwa ngati wamwa.

Kunyanja kwathu izi si za m'kalasi chabe. Malo ambiri miyala imangotsetsereka kunka kumdima, ndipo nyanjayi pena imazama kupitirira mamita 700. Palibe mchenga wokuimitsa pa mamita 29. Chaka chatha mlendo wina ananyamula thanki ya mnzake pokwera boti. Iye ankafuna kutsika mamita 35, thankiyo inali ya 36. Zonse zinali ndi lamba wobiriwira ndi wachikasu yemweyo, zimaoneka chimodzimodzi, ndipo mpweyawo sununkha kapena kukoma mosiyana. Chinamupulumutsa ndi kachipangizo koyezera okosijeni kamene ndimayenda nako m'thumba. Lamulo langa ndi lakuti aliyense ayeze thanki yake yekha ine ndikuona: ayambe waonetsetsa kuti pa mpweya wamba kakuwerenga 20.9, ayeze thankiyo, alembe nambalayo pa tepi pamodzi ndi malire a kuzama ndi dzina lake, kenako aike nambala yomweyo mu kompyuta. Mlendoyo ataona 36 pa galasi, manja ake ananjenjemera.

Mphwanga anafunsa ngati n'zoona kuti wopuma nitrox satopa. Alendo ambiri amatero, koma ine sindilonjeza munthu zimenezo. Chimene ndingalonjeze ndi chimene masamu akuonetsa.

Potsika tinagula mbatata yootcha pamsewu.

Loweruka

Tsiku lonse tinali kukonza denga la khitchini ya amayi. Madzulo achemwali anabwera, ndipo titatha kudya anatuma mwana wawo kukagula mayunitsi kuti tiyankhule atatu.

"Achimwene, mundiuze zoona. Mwanayu ndi mmodzi yekha wamwamuna. Madzi aja sadzandilanda?"

Sindinawanamize. Ndinawauza za phewa langa, nkhani imene amayi anali asanaimvepo. Anaika dzanja pakamwa. Ndinati makina ochiritsira, olowetsamo munthu wodwala matenda a timathovu, ali kutali kwambiri ndi gombe lathu, n'chifukwa chake ife timasiya mpata waukulu kuposa umene buku limalola, ndipo pa boti sipasowa silinda ya okosijeni ya chithandizo choyamba. Ndinati mwanayo akabwera sadzakhudza nitrox chaka choyamba. Adzayamba ndi kusambira, popeza kusambira kwa pa Bua si kwa panyanja ya mwera. Kenako adzanyamula mathanki, kutsuka zida, kuima pa kompuresa ndi kuphunzira kusintha zosefera. Maphunziro oyamba a daivi amathera pa mamita 18, pa mpweya wamba, ndipo mpweya wamba ndi wokwanira kuona mbuna zonse zimene mlendo amadzera kuchokera ku Germany kapena ku Japan. Nitrox idzabwera akadzayamba kulowa katatu pa tsiku, ndipo adzaiphunzira ndi satifiketi yake.

Amayi anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Nanga ndikadwala usiku, n'kukuitanani, mudzati tidikire maola 18?"

Ndinakhala kaye chete. Ndinawauza kuti inde, ngati ndalowa m'madzi tsiku limenelo ndidzanyamuka nthawi yomweyo koma ndidzatsata gombe, n'kudikira ku Nkhotakota mpaka nthawi ikwane, monga ndachitira ulendo uno. Sanakondwe nalo yankholo. Anapita kukagona osanenanso kanthu.

Lamulungu, pa depoti

Tachokera ku mapemphero a m'mawa. Amayi andilongedzera ufa woyera, mtedza ndi mfutso, ndipo pondipatsa anati, "Ukamuitana mwanayu, musamalowe m'madzi tsiku limodzi nonse awiri ukamva kuti sindili bwino. Mmodzi azikhala wouma." Ndavomera, ndipo ndidzakonza ndandanda ya ntchito motero.

Achemwali avomera kuti mwanayo abwere zotsatira za mayeso zikatuluka. Mphwangayo wandiperekeza mpaka pa minibasi ya ku Nkhotakota atanyamula chikwama changa. Pamene kondakitala amamanga katundu, anandipatsa kabotolo kaja, atakatseka kolimba ndi mpweya wa ku Kasungu.

"Mukafika kunyanja mukajambule, amalume. Ndawerengera kuti kakapinimbira."

Kutsika kulibe lamulo la kudikira. Mawa 8 koloko ndili ndi alendo anayi, awiri a mpweya wamba, awiri a 32, ndipo ndiyenera kufika kusanade kuti ndikayang'ane zosefera za kompuresa.